Charlemagne wa Einhard wavala malaya a Augustus

Anzanga a History, lero ndapumako. Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi funso lija loti kodi buku la Einhard lofotokoza moyo wa Charlemagne, mfumu ya Afulanki, tingalikhulupirire mpaka pati, ndipo mutu unali utauma gwa. Dzulo usiku ndi pamene zinandilowa, moti tulo sindinatione.

Za Khirisimasi ya chaka cha 800 ku Rome, pamene Papa Leo III anaveka Charlemagne chisoti chaufumu m'tchalitchi, za imfa ya mfumuyo ku Aachen mu 814, sindibwereza, tonse tili nazo m'manotsi. Vuto langa linali loti ndinkawerenga Einhard ngati munthu wongofotokoza zimene anaona ndi maso. Anakhaladi kunyumba ya mfumuyo zaka zambiri, ndiye ndinkati nanga angalakwitse bwanji?

Mnzanga wina anandibwereka Suetonius, buku lija la mafumu 12 a Rome kuyambira Julius Caesar mpaka Domitian. Ndinatsegula gawo la Augustus pongofuna kupumitsa mutu. Ndili mkati ndinayamba kumva ngati ndikuyenda njira imene ndinadutsamo kale. Makolo ake, nkhondo zake, zimene anamanga, banja lake, maonekedwe ake, kadyedwe kake, kenako malodza olosera imfa, kumapeto chuma chimene anasiya. Ndinathamangira Einhard. Ndondomeko yake pafupifupi ndi yomweyo! Munthu amene anaphunzira kwa amonke ku Fulda anatenga chikombole cha buku lolembedwa zaka pafupifupi 700 iye asanalembe, n'kuumbiramo mfumu yake.

Pamene ndinaimirira pampando ndi pa malodza paja. Suetonius akuti Augustus atatsala pang'ono kumwalira, mphenzi inafufuta chilembo C pa dzina loti Caesar limene linalembedwa pachiboliboli chake. Einhard akuti m'tchalitchi cha ku Aachen munali mawu olembedwa ndi utoto wofiira, ndipo kutatsala miyezi yochepa kuti mfumu imwalire, liwu loti princeps, kutanthauza wolamulira, linafufutika. Zilembo zikufufutika kuno, zilembo zikufufutika uko. Ine ndikuona kuti Einhard ankafuna kuti aliyense wodziwa mabuku aone kuti mfumu ya Afulanki iyi ndi yolingana ndi Augustus, mpaka kafedwe kake.

Ndiye pali zimene sananene. Zolembedwa za chaka ndi chaka za ufumu wa Afulanki zimati mu 782 ku Verden anthu a ku Saxony 4,500 anaphedwa mfumu italamula. Einhard amakamba za nkhondo ya ku Saxony, amati inatenga zaka 33, amadzudzula anthuwo kuti anali osasunga pangano, koma za Verden ali chete. Ndipo sabisa mbali yake: m'mawu oyamba akunena yekha kuti Charlemagne anamulera ndipo ali naye ngongole. Zinandikumbutsa mbiri ya malemu imene amawerenga pamaliro. Wowerengayo sanama kwenikweni, koma amasankha, ndipo onse okhala pansiwa amadziwa kuti akusankha.

Njira imene yandithandiza ndi iyi. Ndagawa tsamba la kope pakati, kumanzere Suetonius, kumanja Einhard, mutu ndi mutu. Pamene afanana ndikulemba mzere wofiira, pamene asiyana ndikuika nyenyezi. Kunena zoona sindikuonanso njira ina yowerengera mabuku a miyoyo ya mafumu. Buku limodzi palokha limakunyengerera, koma ukaliyika pambali pa limene wolembayo ankawerenga, msoko wonse umaonekera. Ndikufuna kuchita zomwezi ndi Plutarch, wolemba wakale wa Chigiriki, amene yekha kale anaika anthu awiriawiri, Alexander pambali pa Caesar.

Chimene chikundiwawa n'chakuti m'kalasi palibe anatiuzapo zimenezi. Timangolemba zimene akutiwerengera, zaka ndi mayina a nkhondo, ola n'kutha. Nditafunsa tsiku lina kuti Einhard anali ndani kwa mfumuyo, ndinayankhidwa kuti zimenezo sizibwera pa mayeso. Chonsecho funso la asayimenti ndi lomwelo! Ku laibulale bukulo ndi limodzi, ndipo ukalipeza ndiye kuti wadzuka bwino. 

Pali malo amodzi pamene kope langa likundisiya m'malere. Einhard akuti Charlemagne ananena kuti akanadziwa zimene Papa anakonza, sakanalowa m'tchalitchi tsiku lija. Augustus nayenso, mwa Suetonius, anakana udindo wolamulira yekha anthu atamukakamiza. Ndiye ndikanati ichinso n'chikombole basi. Koma Einhard yemweyo akunena kuti mfumu inali ndi mimba yotuluka, mawu ang'ono osagwirizana ndi thupi lake, ndipo inkasunga timatabwa tolembapo pansi pa pilo kuti iziphunzira kulemba ikapeza mpata, koma zinakanika chifukwa inayamba mochedwa. Munthu wongotamanda angalembe zimenezo? Apa ndaika nyenyezi zitatu, ndipo mawu a m'tchalitchi aja sindikudziwabe kuti ndiwaike mbali iti ya tsamba.