Mtima unkafooka, koma gwero linali pamwamba pa impso

Kwa zaka ziwiri ndinkangodziwika kuti ndine wodwala BP. Koma yanga inali yachilendo. Mwadzidzidzi mutu unkawawa ngati ung'ambika, thukuta kamukamu, mtima thithithi, pakatha mphindi 20 zonse zii. Pofika kuchipatala makina ankaonetsa kuti ndili bwinobwino, moti achibale ena anayamba kunong'ona zoti pali dzanja la munthu.

Usiku wina ndinabanika, osatha kugona chagada. M'mapapo munali mutalowa madzi. Atandiunika mtima ndi echo, makina oonetsa m'mene mtima ukugwirira ntchito, anapeza kuti pa kugunda kulikonse ukutulutsa 25 peresenti yokha ya magazi ake, pomwe wabwino umatulutsa 55 kapena kuposa.

Amene anatulukira nkhaniyi ndi adokotala ena amene anandifunsa modekha kuti, “Bambo, thukutali limabwera pamodzi ndi mutu?” Anandipatsa chigubu choti ndizikodzeramo kwa maola 24, osataya ngakhale dontho. Chimenecho ndinkachibisa kunsi kwa bedi alendo akabwera kudzandizonda! Mumkodzomo ankafuna ma metanephrine, zotsalira za adrenaline, mchere wa m'thupi umene umathamangitsa mtima munthu akachita mantha, ndipo anapezeka ochuluka zedi. Sikani ya CT inaonetsa chotupa cha masentimita 5 pa adrenal, kachiwalo kokhala pamwamba pa impso. Dzina la chotupacho ndi pheochromocytoma. Chimathira adrenaline wochuluka m'magazi nthawi ndi nthawi, mitsempha n'kumafinyika, mtima n'kutopa.

Ndinkafuna achichotse mawa lomwelo. Anakana. Dokotala akachigwira thupi lisanakonzeke, BP imatha kukwera mpaka kupha munthu pomwepo. Ndiye kwa milungu iwiri ndinamwa doxazosin womasula mitsempha, ndipo ochepetsa kuthamanga kwa mtima, ma beta blocker, anabwera pambuyo. Kuyamba ndi achiwiriwa n'koopsa, chifukwa mtima umabwezedwa pomwe mitsempha ikadali yofinyika.

Zamchere ndiye zinatisokoneza. Mayi akunyumba anali atazolowera kundiphikira ndiwo zozizira, lero akuuzidwa kuti azithira, koma pang'onopang'ono poti mtima unali wofooka. Anachita kukafunsanso anesi kawiri.

Opaleshoni itatha BP inatsika kwambiri, shuganso, moti ndinagona ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, akundithira madzi. Patatha miyezi itatu echo inaonetsa 50 peresenti. Chaka chilichonse ndimakatengabe chigubu chija, poti chotupachi chimatha kubwerera. Nthawi zina chimayendanso m'mtundu, ndiye mwezi wamawa ndikupita ndi ana anga awiri kuti nawonso akawaone.