Kumata ma probe a DNA pagalasi: nkhani yagona pa chinyezi

Anzanga a m'malabotale a kuno ku Johannesburg, chipu cha DNA (galasi lomatidwa timadontho ta DNA) chikapanda kuwala bwino ambiri timafulumira kuda probe, kachingwe kakafupi ka DNA komwe kamagwira DNA yomwe tikusaka. Kawirikawiri wolakwa ndi madzi: achuluka posafunika, kapena achepa pofunika.

Galasi liyambe latsukidwa ndi piranha, magawo 3 a sulfuric acid pa gawo limodzi la hydrogen peroxide wa 30%. Peroxide ndiye athiridwe mu asidi, pang'onopang'ono, ndipo botolo lake musatseke, limaphulika. Mukatsukuluza, viikani galasilo mu APTES wa 2% wosungunula mu ethanol, mankhwala omwe amakuta galasi ndi amine (kagulu ka maatomu kokhala ndi nayitrojeni). APTES amafuna timadzi tochepa kuti agwire galasi, koma madzi akachuluka amayamba kugwirana yekhayekha n'kusiya kachifunga koyera komwe kamadzasokoneza chithunzi chonse pounika. Umitsani mu uvuni pa 110°C kwa mphindi 15, kenako muviike mu glutaraldehyde wa 2.5% kwa ola limodzi, kuti galasi likhale ndi aldehyde, kagulu ka maatomu komwe kadzamange mfundo ndi amine wa probe.

Probe ikhale ndi amine kumapeto kwa 5', komanso ma T (thymine, chimodzi mwa zilembo za DNA) ngati 10 oikweza pang'ono, kuti DNA yomwe mukusaka iifikire. Isungunuleni kufika pa 20 µM mu sodium phosphate wa pH 8.5. Tris, mankhwala ena osunga pH, ayi ndithu. Nayenso ali ndi amine, ndiye amalanda malo a probe pagalasi.

Tsono nyengo ya kuno ndiyo imavuta. M'miyezi ya Juni ndi Julaye mpweya wa ku Highveld, chigawo chokwera komwe kuli Johannesburg, umauma gwaa, moti kadontho komwe mwadontheza pagalasi kamaphwa probe isanagwire. Pophwapo probe imakankhidwira m'mphepete, ndipo mumaona timphete towala, pakati pali bii. Chinyezi cha m'makina odonthezera chikhale pakati pa 50% ndi 60%, ndipo m'madzi a probe muonjezemo betaine wa 1.5 M kuti kadontho kachedwe kuuma. Magalasiwo agone usiku wonse m'bokosi lotseka, pambali pa kambale ka madzi okhuta mchere wa NaCl, omwe amasunga chinyezi cha 75%. M'mawa, sodium borohydride amalimbitsa mfundo ya probe ndi galasi ija n'kupha aldehyde wotsala.

Enanu mukuyesa PNA (peptide nucleic acid, chopangidwa mofanizira DNA), yomwe Peter Nielsen ndi anzake anaitulukira ku Copenhagen mu 1991. Msana wake ulibe mphamvu yokankhana ndi DNA, choncho imagwira ngakhale mchere uchepe. Koma m'madzi imasungunuka monyinyirika, imapanga timibulu. Itenthetseni pa 50°C kwa mphindi 10 musanadontheze.