Zokuzira mawu, mchere ndi mabandi a rock ku Blackpool

Bizinesi yathu ndi yobwereketsa zokuzira mawu pamodzi ndi munthu woziyendetsa. Ndife banja la Amalawi lokhala ku Preston, koma ntchito zathu zambiri zimachokera ku Blackpool, tawuni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere kumpoto chakumadzulo kwa England, ulendo wa mphindi pafupifupi 30 pa msewu wa M55. Tinayamba ndi masipika awiri ndi kamikisa (makina osakanizira mawu), kuimbitsa maukwati ndi mapemphero a anthu akwathu. Koma maukwati kuno amachuluka nyengo yotentha basi, miyezi inayo zida zinkangogona m'galaja. Amene anadzaza miyezi imeneyo ndi mabandi a rock.

Blackpool inamangidwira khamu lomwe linasiya kubwera. Kale, mafakitale a nsalu a ku Lancashire akatseka kwa sabata ya tchuthi, antchito ake ankakhamukira kuno, ndipo m'nyengo imeneyo ndi pomwe anatsegulidwa malo a zisangalalo a Winter Gardens mu 1878 ndi Blackpool Tower mu 1894. Kuyambira m'ma 1960 maulendo otchipa a pandege anawakokera ku Spain. Chinatsala ndi maholo ovinira, zipinda zapansi pa mahotela ndi makalabu akale, zonse zikusowa wozidzaza, moti mu February kapena November eni ake amabwereketsa pamtengo wozizira. Rock nayo si mlendo kuno: chaka chilichonse mu August ku Winter Gardens kumachitika Rebellion Festival ya nyimbo za punk, ndipo Rolling Stones analetsedwa kuimba m'tawuniyi pambuyo pa chipolowe cha ku Empress Ballroom, holo yovinira ya m'kati mwa Winter Gardens, mu 1964, chiletsocho n'kudzachotsedwa mu 2008. Holo imeneyo, yolowa anthu pafupifupi 3,000, ntchito yake imapita kwa makampani akuluakulu a zokuzira mawu. Yathu ndi malo a anthu 150 mpaka 400.

Tisanatchule mtengo timapita kukaona magetsi, chifukwa m'nyumba zakalezi ndi pamene shoo imafera. Soketi imodzi ya ku Britain imapereka 230V ndi 13A, ndiye kuti mawati osakwana 3,000. Masoketi onse a pakhoma limodzi nthawi zambiri amakhala pa bureka imodzi ya 32A (swichi yodula magetsi akachuluka), ndipo mwina pomwepo palinso makina otsukira matambula a kubala kapena chokazingira tchipisi cha kukhitchini. Masana poyesa mawu zonse zimayenda bwino, pakuti khitchini ili zii. Usiku akayatsa zonse, woimba besi n'kumenya mwamphamvu, siteji yonse imathima. N'chifukwa chake timapempha soketi yabuluu ya 32A yakeyake, ndipo ngati palibe timathimitsa mabureka imodziimodzi kuti tidziwe masoketi omwe ali pamzere wosiyana. Magetsi ounikira siteji sitiwaika pamzere umodzi ndi mawu, kuopa kulira kwa "zzz" m'masipika. Kulira kotero kukachokera ku besi kapena kiyibodi, timadina batani la ground lift pa bokosi la DI, kabokosi kolumikizira chida choimbira ku mikisa. Waya wa earth wa pa pulagi sitichotsa zivute zitani, ngakhale woimba atalumbira kuti kwawo amatero, chifukwa ndi mmene munthu amagwidwira ndi magetsi pakamwa akakhudza maikolofoni gitala ili m'manja.

Bandi ya anthu anayi imadya mizere 14 mpaka 16 pa mikisa: isanu ndi itatu ya ng'oma, umodzi wa besi, iwiri ya magitala, itatu ya oimba, ndi yotsalayo yodikira ikafa ina. Oimba timawapatsa maikolofoni a Shure SM58, zokuzira magitala SM57. Si kuti palibe abwino kuposa amenewa, koma awa amagwa pansi, kuthiridwa mowa, mawa n'kugwirabe ntchito. Kutsogoloku timaika masipika awiri oika pamwamba ndi a besi anayi a mainchesi 18, ndipo pasiteji mamonita anayi, masipika oti oimba azidzimvera.

Vuto lalikulu ndi holo yeniyeniyo. Maholo ovinira anamangidwira gulu la malipenga lopanda zokuzira mawu: denga lalitali, pansi pa matabwa, magalasi m'makoma. Mukalowetsamo ng'oma za rock, mawu amagunda khoma lakumbuyo n'kubwerera, woimba osamvekanso zomwe akunena. Ambiri amathamangira kukweza, koma kukweza kumangodyetsa chisokonezocho. Ife timakweza masipika pamwamba pa mitu n'kuwaweramitsa kuti aloze anthu, osati khoma. Holo ikakhala yaitali kupitirira mamita 20 timaika masipika ena pakati n'kuwachedwetsa, pafupifupi mamilisekondi atatu pa mita iliyonse, poti mawu amayenda mamita 343 pa sekondi. Mukapanda kutero, omvera akumbuyo amamva ng'oma iliyonse kawiri. Komanso zomwe mwamva poyesa holo ili mbee si zomwe mudzamve ikadzaza, chifukwa matupi ndi majekete zimamwa mawu. Nyimbo ziwiri zoyambirira dzanja silichoka pa mikisa.

Ndiye pali woimba gitala. Pafupifupi aliyense amafuna chokuzira chake chilire mpaka mathero, pomwe chikuloza mawondo ake ndi nkhope za omvera akutsogolo. Timachitembenuza kuti chiloze cham'mbali mwa siteji, kuchipendeketsa kuti chimupeze m'khutu, iye amatsitsa yekha osakangana naye.

Mahotela ambiri akale anasanduka nyumba za lendi, choncho kuseri kwa khoma la kalabu kumagona anthu, ndipo khonsolo imamva madandaulo awo. Malo ogulitsa mowa okhala ndi chiphaso amaloledwa nyimbo za bandi kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 11 koloko usiku, bola omvera asapitirire 500. Malo opanda chiphaso akafuna kugulitsa mowa pa shoo amafunika Temporary Event Notice, kalata yodziwitsa khonsolo za chochitika cha kanthawi kochepa, ya anthu osapitirira 499, yoperekedwa kusanatsale masiku 10 ogwira ntchito. Malo ena anaikidwa kamakina koyeza phokoso, kamene kamadula magetsi a pasiteji nyali yake yofiira ikayaka kwa masekondi angapo. Woimba ng'oma wamphamvu amatha kukagwetsa yekha masipika tisanayatse n'komwe. Kukalambalala n'kuika chiphaso cha mwini malo pachiswe, ndiye bandi timaiuza nkhaniyi isananyamuke kwawo, mikisa n'kuiika pa UPS, batire yolowa m'malo magetsi akathima, kuti isazime nawo.

Mchere umadya phindu mwakachetechete. Mphepo ya ku Irish Sea imalowa nawo paliponse, ndipo mapulagi a makebulo amachita dzimbiri mpaka mawu kumathetheka. Mwezi uliwonse timawapopera mankhwala otsukira ndi kuyesa kebulo iliyonse payokha. Nyengo yozizira, zida zikachoka m'vani kulowa m'holo yofunda zimachita thukuta, choncho timatsegula mabokosi n'kuzisiya theka la ola tisanayatse.

Pa ndalama, timalandira mtengo wokhazikika, theka pasadakhale, lotsalalo bandi isanakwere pasiteji. Zogawana za pakhomo tinazikana, chifukwa kukagwa chimvula ndi mphepo anthu a ku Preston ndi Manchester sabwera, pomwe mafuta, inshulansi ya £5 miliyoni yomwe malo ambiri amafuna, ndi kuyezetsa zida za magetsi chaka ndi chaka sizitsika. Nyengo ya chionetsero cha nyali cha Illuminations, kuyambira kumapeto kwa August, timawonjezera ola pa mtengo: madzulo msewu wa Promenade umadzaza ndi magalimoto oyenda pang'onopang'ono kuonerera nyali, ndiye vani iyenera kukhala itafika, kutsitsa ndi kupeza poima kumsewu wakuseri dzuwa lisanalowe.