Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Injini ya Ford ya 1930

M'gawo lapita lija ndidakusiyani nditangopatsidwa makiyi a galaja ku Benoni, madala a pagalajapo atayamba kumandisiya ndekha Loweruka. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti zidatheka bwanji kuti mnyamata wophunzirira umakaniko pansi pa mtengo ku Ndirande afike pogwira magalimoto amakedzana kuno ku Joni. Zonse zidayambira pa galimoto imodzi, Ford Model A ya 1930. Nkhani yake ndi yaitali, ndiye lero tikambe za injini yokha.

Galimotoyo idabwera pa thilela kuchokera pa famu ina kufupi ndi Harrismith, ku Free State. Mwini wake anali mlimi wokalamba, woyenda ndi ndodo, ndipo adati agogo ake aamuna ndi amene adaigula ili yatsopano. Idakhala m'shedi zaka zambirimbiri osalira. Matayala anali atauma n'kung'ambika, boneti ili psuu ndi dzimbiri, ndipo pansi pa mpando makoswe adaunjikapo zitsononkho ndi tizidutswa ta masaka. Ku fakitale idatuluka ili phaeton, galimoto ya zitseko zinayi ya denga la nsalu lopinda. Koma nkhondo yachiwiri itatha, bambo a mlimiyo adaidula kumbuyo n'kukhomapo bokosi la matabwa kuti azinyamuliramo zigubu za mkaka popita ku siteshoni ya sitima. Alimi ambiri ankatero masiku amenewo.

Madala sadathamangire sipanala. Adandipatsa sandipepa ndi kansanza, nandilozera kumanzere kwa injini, pamwamba pa paipi yolowetsa madzi.

"Pukuta apo, mwana wanga. Tiyambe tadziwa kwawo."

Nditapukuta padatuluka nambala yoyamba ndi zilembo CA. Madala adagwedeza mutu n'kundiuza kuti galimotoyi ndi ya ku Canada. Kuyambira 1904, kampani ya Ford ya ku Canada ndiyo inkatumiza magalimoto kumaiko a ulamuliro wa Britain, kupatula Britain mwini wake, ndipo mu 1924 Ford idayamba kulumikiza magalimoto ku Port Elizabeth, komwe lero ndi Gqeberha, m'nyumba yomwe kale inali yosungiramo ubweya wa nkhosa. Zida zinkabwera m'mabokosi pa sitima yapamadzi. N'chifukwa chake chiwongolero cha galimotoyi chili kumanja ngati athu, pomwe anzake a ku America ali nacho kumanzere. Umboni wina ndidaupeza ndekha ndikuchotsa matabwa apansi: masikuluwu ake ali ndi bowo la ngodya zinayi, mtundu wa Robertson wa ku Canada, ndipo m'bokosi langa lonse munalibe sikuludiraiva yolowamo. Madala adaitulutsa yawo m'dirowa, yachigwiriro chamtengo.

Model A ndiyo idalowa m'malo mwa Model T, yomwe Henry Ford adaipanga kuyambira 1908 mpaka 1927, magalimoto oposa 15 miliyoni. Chevrolet itayamba kumulanda makasitomala, adaimitsa mafakitale kwa miyezi ingapo, ndipo pa 2 December 1927 anthu adaiona Model A koyamba. Pomwe inkasiya kupangidwa kuchiyambi kwa 1932, anali atapanga pafupifupi 4.8 miliyoni. Kuchuluka kumeneku n'komwe kukutithandiza lero, chifukwa ku America kuli masitolo omwe ntchito yawo ndi kugulitsa zida za Model A zokhazokha, kuyambira gasiketi mpaka kabawuti kakang'ono.

Mlimi uja adabwera ndi mdzukulu wake, mnyamata wa msinkhu wanga. Iyeyo maganizo ake anali ena. Ankafuna tizule injini yakaleyo, tiikemo V8 ya masiku ano, injini yaikulu ya masilinda 8, titsitse galimoto pansi, tiike matayala otambalala. Adatulutsa foni n'kutionetsa zithunzi za ena omwe adachita zotero. Madala adaziyang'ana bwinobwino, osanyoza, kenako adati:

"Zimenezi alipo ozichita, ndipo amazichita bwino. Koma pagalaja pano ayi. Injini iyi ikakhala kuti buloko yake siidasweke, ilira."

Mlimi uja adangoti, "Ndikufuna ndiimve kulira momwe inkalirira ndili mwana." Nkhani idathera pomwepo.

Injini inali itagwira, osatembenuka ngakhale pang'ono. Ndi ya masilinda anayi, malita 3.3, mphamvu yake 40 horsepower, mavavu ali m'mbali mwa buloko osati pamwamba. Tidachotsa hedi, ndipo mkati mwa masilinda awiri munali dzimbiri la madzi omwe adadontheramo. Tidathiramo dizilo wosakaniza ndi oyilo wa giyabokisi n'kuisiya. M'mawa uliwonse ndisanayambe ntchito zina ndinkaika chipika cha mtengo pamwamba pa pisitoni n'kumenya pang'onopang'ono ndi hamala, kenako n'kuwonjezera dizilo. Madala adandiletsa kukakamiza ndi chitsulo chachitali. Ankati dzimbiri la zaka zonsezo silichoka ndi ukali. Tsiku lina ndidaona dizilo wa mu silinda yachitatu watsika, kusonyeza kuti wapeza njira, ndipo posakhalitsa pisitoni idasuntha.

Titaiphwasula yonse, buloko idapezeka yopanda mng'alu. Vuto linali pansi, pomwe crankshaft, chitsulo chomwe mapisitoni amachizunguza, imagona. Apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa amakaniko anzanga ambiri sadazionepo.

Galimoto ya masiku ano mabering'i ake umagula m'kabokosi. Uchotsa akale, uika atsopano, wamaliza. Model A ilibe zimenezo. Pomwe crankshaft imazungulira pali chitsulo chofewa choyera chotchedwa babbitt, chosakaniza tini, antimony ndi kopa pang'ono, chomwe chimasungunulidwa pamoto n'kutsanuliridwa m'buloko momwemo. Dzinali lidachokera kwa Isaac Babbitt wa ku America yemwe adachitulukira mu 1839. Kufewa kwake n'kwadala: kamchenga kakalowa mu oyilo kamamira m'chitsulo chofewacho m'malo mokanda crankshaft. Pa injini yathuyi, babbitt wa bering'i yakumbuyo anali atasweka, zidutswa zake tidazitola m'sampu.

Anthu odziwa kutsanulira babbitt atsala ochepa. Madala ankadziwa mkulu wina ku Germiston amene adapuma ntchito m'mashopu a sitima zapamtunda, komwe ankatsanulira chitsulo chomwechi m'mabering'i a mabogi. Tidakweza buloko pa bakkie n'kupita nayo kumeneko. Mkuluyo anali wosalankhulalankhula. Adayamba wasungunula babbitt wakale yense ndi moto, natsuka malowo mpaka mabowo ang'onoang'ono a m'buloko adaonekera. Adandionetsa ndi chala kuti babbitt samamatira ku chitsulo cha buloko, ndiye mabowo amenewo ndi omwe amamugwira akalowamo n'kuuma. Kenako adamanga chikombole chake pamalopo n'kuyamba kutenthetsa buloko ndi chikombolecho. Adandichenjeza kuti dontho limodzi la madzi likatsalira, chitsulo chosungunukacho chimathovokera kumaso.

Mphika wa babbitt unali pamoto pambali. Mkuluyo adatenga kamtengo kouma ka paini, nakaviika mumphikamo, nakatulutsa. Kadali koyererako. Adadikira, naviikanso. Katatuluka katapserera mofiirira, adayengula zonyansa zapamwamba, natunga ndi chipande chachitsulo n'kutsanulira kamodzi kokha, dzanja osanjenjemera, osaima pakati. Adati ukaima pakati chitsulocho chimauma m'magawo awiri ndipo chidzasweka galimoto ili paulendo. Chisanazizire kwenikweni adachigogoda ndi kachida kake kuti chikhazikike zolimba m'buloko. Ine ndidaima pambali nditagwira tochi ya gasi, thukuta lili kamukamu, mtima ukundiuza kuti ndikuona ntchito yomwe mwina ana anga sadzaionanso.

Pambuyo pake buloko idapita pa makina oboola mabering'i atatu onsewo pamzere umodzi, ndipo adasema timifuleni toyendamo oyilo. Mpata wa pakati pa crankshaft ndi babbitt umafunika ukhale pafupifupi 0.0015 ya inchi, wosafika ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Pansi pa zivindikiro za mabering'i pamakhala timapepala topyapyala ta mkuwa. Bering'i ikadyeka pakapita zaka, mwini galimoto amangomasula sampu, n'kuchotsapo kapepala kamodzi, mpata uja n'kubwerera mwakale. Nditamvetsa zimenezi ndidaikonda galimotoyi. Amene adaipanga ankaganizira mlimi wokhala kutali ndi tawuni, wokhala ndi masipanala ochepa ndi manja ake, munthu wonga amakaniko omwe adandilera ku Ndirande.

Zina zonse zidayenda msanga. Masilinda adaboledwa, tidaika mapisitoni atsopano ochokera ku America, mavavu ndidapera ndekha ndi phala lake. Rediyeta idapita kwa owotcherera.

Thanki ya petulo ndiyo idandidyera nthawi. Pa Model A thanki ili kutsogolo kwa dalaivala, pakati pa injini ndi galasi, moti dashibodi imamangiriridwa pa thanki pomwepo, ndipo imalowa malita pafupifupi 40. Pampu ya petulo palibe. Mafuta amangotsika okha kupita ku kabuleta ya Zenith yomwe ili m'munsi. Choncho kachinyalala kakang'ono kakatseka paipi, galimoto yaima. Ndidaitsuka, kuikhutchumula, kuitsukanso, mpaka madzi otulukamo adayera. Pansi pake pali kampopi komwe umayenera kutseka nthawi zonse ukaimika galimoto, apo ayi m'mawa upeza petulo ali pansi.

Magetsi ake ndi a 6 volts, ndipo waya wa positive ndi amene amapita ku chitsulo cha galimoto, mosemphana ndi zomwe tidazolowera. Madala adalemba zimenezi ndi choko pa khoma kuti aliyense wogwira batire aziona.

Kutchera taimingi, nthawi yomwe mapulagi amayatsa moto, kudandisangalatsa kwambiri. Kutsogolo kwa injini kuli kabawuti kokhala ndi kansonga kumutu kwake. Umakamasula, n'kukatembenuza, n'kulowetsa kansongako m'bowo lomwelo. Wina akamapukusa injini pang'onopang'ono ndi handulo, iwe umakankha ndi chala mpaka umve kuti kagwera m'kadzenje ka pa giya ya mkati. Pamenepo pisitoni yoyamba ili pamwamba penipeni, ndipo umatchera distributor, kachida kogawira moto ku mapulagi. Palibe nyali, palibe kompyuta. Chala chako ndicho chimakuuza.

Tsiku loiliza, mlimi uja adabwera ndi mdzukulu wake. Madala adandiuza kuti ndikhale pa chiwongolero ndine. Kuliza Model A kuli ndi mwambo wake. Utsegule kampopi ka petulo. Pa chiwongolero pali timikono tiwiri, kena ka moto wa mapulagi, kena ka mafuta. Ka moto uyenera kukakweza mpaka pamwamba kuti moto uchedwe, chifukwa ukaiwala injini imabwezera m'mbuyo, ndipo kale anthu ambiri opukusa ndi handulo adathyoka nazo mikono. Ukatero utsegule kiyi, ukoke choki, upondeko batani la sitata lomwe lili pansi. Ndidachita zonsezi madala akuyang'ana. Injini idatembenuka mwaulesi, monga zimachitira za 6 volts, idatsokomola, idatulutsa utsi wa oyilo yemwe tidapaka pomanga, kenako idagwira. Nditatsitsa kamkono ka moto, kulira kudakhazikika, tu-tu-tu-tu, pang'onopang'ono moti umatha kuwerenga kuphulika kulikonse. Mlimi uja adasiya ndodo yake, nagwira fenda ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu. Mdzukulu uja ndi amene adayamba kujambula pa foni, ndipo adandifunsa kuti ndimuphunzitse mwambo wonse uja kuyambira pa kampopi.

Mkangano womwe udatsala unali wa bokosi la matabwa lija. Mnzawo wina wa madala, wa m'kalabu ya magalimoto akale, adati tilichotse, tifunefune thupi lakumbuyo la phaeton kuti galimoto ibwerere momwe idatulukira ku Port Elizabeth. Adati ikatero mtengo wake ukwera ndipo ku chionetsero ikhoza kupambana. Madala adatembenukira kwa ine, koyamba chiyambire ntchito pamenepo, nati, "Nanga iwe ukuti bwanji?"

Ndidati, "Madala, galimotoyi yakhala ndi bokosili nthawi yaitali kuposa yomwe idakhala ndi mipando yakumbuyo. Pathabwa lapansipo pakuoneka mikombero pomwe zigubu zinkakhala. Amene adalikhoma ndi bambo a eni akewa. Tikalichotsa titsala ndi phaeton yofanana ndi ena onse, koma ya banja lino ikhala itapita."

Mpaka lero maganizo anga ndi omwewo. Chodyedwa ndi chiswe timasintha, chowopseza moyo wa munthu timakonza, koma ntchito ya manja a munthu yomwe ikugwirabe sitiichotsa chifukwa chofuna kunyezimira. Mlimi uja adagwirizana nazo. Tidasintha matabwa awiri okha omwe adafumbwa, otsalawo ndidawapaka mafuta a linseed, ndipo mahinjesi omwe bambo ake adasula okha pa famupo tidawabwezera pamalo pake.

Ngakhale injini inkalira, madala adakaniza kuti galimotoyo ituluke pageti. Mabuleki a Model A alibe mafuta. Ukaponda, ndodo zachitsulo ndizo zimakoka ku mawilo onse anayi, ndipo pa yathuyi mapini onse anali atadyeka moti phazi linkafika pansi galimoto ikungopita. Giyabokisi nayo ndi ya magiya atatu opanda synchro, kachida kothandiza magiya kulowa mosakhulana, yofuna kuponda kilatchi kawiri posintha, ndipo ine ndinali ndisanayendetsepo yotero. Za mabuleki amenewo, ndi za ulendo woibweza ku Harrismith, ndidzakusimbirani m'gawo 18.