Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ndege yanga yoyamba ndi rimoti yake

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditapeza ntchito yokonza mageti amagetsi ku Edenvale. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Joni, ndikatumiza za kumudzi pamatsalako kangachepe. Ine ndinakulira ku Chileka, kumene tili ana tinkathamangira kumpanda wa bwalo la ndege tikangomva kulira kwa injini. Edenvale nayo ili pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, ndege zimadutsa pamutu tsiku lonse, choncho chilakolako chakale chija chinadzukanso.

Amene ananditsegula maso ndi achimwene ena a ku Mulanje, otchetcha kapinga pabwalo la kalabu ina youlutsirapo tindege ta rimoti kunja kwa tauni. Ndinawaonetsa pafoni kandege kofanizira Spitfire, ndege yankhondo yakale imene inandilowa mumtima. Anapukusa mutu. "Achimwene, iyi mudzaiulutsa, koma osati chaka chino. Mapiko ake ali pansi, ndi yaliwiro, ndipo mukaichedwetsa pang'ono imagwa chamutu. Zidutswa za zoterezi ndimatola ndine m'kapingamu."

Anandipititsa pa ndege ina yosaoneka bwino n'komwe, yopangidwa ndi fomu yopepuka yotchedwa EPO, mapiko ali pamwamba ndipo nsonga zake zoloza m'mwamba pang'ono. Anati yotereyi ikapendekeka imadziwongola yokha ukasiya timitengo ta rimoti. Pulopela yake inali kumbuyo kwa mapiko, monga zilili pa ndege za ophunzira zotchedwa Bixler ndi AeroScout, moti ikagunda pansi ndi mphuno, mota ndi pulopela zimapulumuka. Pamphunopo panali mizere ya guluu wouma ndi tepi yachikasu, koma inkauluka bwinobwino.

Palinso za Joni yemweyu. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, ndiye ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke ndipo imatera ndi liwiro kuposa ku Durban. Wophunzira kuno amafunika mapiko aakulu ndi thupi lopepuka, ndipo aziulutsa m'mamawa, mphepo ya Ogasiti kapena mabingu a dzinja asanayambe.

Pa rimoti ndi pamene tinakhalitsa. Ine ndinkafuna phukusi la RTF, momwe zonse zimabwera m'katoni imodzi. Iwo anati rimoti za m'maphukusi otchipa zambiri zimamvana ndi ndege yakeyo basi, ikasweka ndiye rimoti yatha ntchito. Ndege ya wophunzira ndi yosweka, koma rimoti yabwino mumakalamba nayo. Ndege imafuna matchanelo 4: mphamvu ya mota, kupendekera, kukweza kapena kutsitsa mphuno, ndi kukhotetsa mchira. Komabe anati ndigule ya matchanelo 6 kapena kuposa, yokumbukira matcheredwe a ndege zingapo, ya 2.4GHz, ndipo ndione kuti ili ndi chizindikiro cha ICASA, bungwe loyang'anira za mawailesi ndi matelefoni ku South Africa.

Ndinagwira zitatu m'manja. FlySky FS-i6 ndi yotsika mtengo ndipo imagwira ntchito, koma imangomvana ndi marisiva a mtundu wake, tizipangizo ta m'ndege timene timalandira malamulo a rimoti. Spektrum ndi yofewa kuitchera, ndipo ndi imene imayendetsa ndege za SAFE, zija zimadziwongola ukadina batani, koma mtengo wake unandiwawa. Ndinasankha RadioMaster yokhala ndi 4-in-1, chifukwa imalankhula ndi marisiva a makampani angapo. Pulogalamu yake ya EdgeTX imazunguza mutu poyamba, koma munthu wozolowera mabodi a mageti saopa mamenyu. Ndinatenga ya Mode 2, mphamvu ya mota kudzanja lamanzere, chifukwa mphunzitsi wa pakalabupo amaulutsa choncho, ndipo rimoti yake imalumikizidwa ndi yanga kuti azilanda ndege ikandipulumuka.

Mayi a ana anandifunsa mosabisa kuti, "Bambo ake, rimoti yodula kuposa ndege yeniyeniyo?" Ndinawalonjeza kuti fizi ya mwana ku Blantyre siikhudzidwa, ndipo sinakhudzidwe. Mwezi umenewo ndinagula rimoti yokha, n'kumaphunzira usiku pa simulator, pulogalamu yoyeserera kuulutsa ndege, pa laputopu yobwereka. Chimene chinandivuta ndi ndege ikamabwera kwa ine, pamene kumanja kumasanduka kumanzere. Ndegeyo, mabatire awiri a LiPo a 3S 2200mAh ndi tchaja zinabwera mwezi wotsatira, pamodzi ndi umembala wa SAMAA, bungwe la oulutsa tindege ku South Africa, popeza pakalabu salola kuulutsa wopanda inshuwalansi yake. Za Loweruka limene inanyamuka koyamba ndidzakuuzani m'gawo 10.