Ulusi ukaduka, yang'anani kaye nsonga yake

Chiperoni chikangoyamba kuno ku Blantyre maoda a zofunda za zigamba amachuluka, ndipo ndi nyengo yomweyi imene pagulu lathu la atelala pa WhatsApp pamadzaza madandaulo. Wina amalemba kuti makina ake akungodula ulusi, ndipo asanapume anthu asanu amuyankha kale kuti masulani tenshoni, timbale timene timapana ulusi kuti ukhale wokungika. Ine ndimakana. Tenshoni ndimaigwira pamapeto penipeni, chifukwa mukaipotokola musanadziwe chavuta, ulusi umadukabe, kuwonjezera apo msoko wakunsi umayamba kulendewera.

Kusoka chofunda ndi nkhani ina, si diresi ayi. Singano imaboola zinthu zitatu nthawi imodzi: zigamba za chitenje pamwamba, faiba (chofewa chotenthetsa chija) pakati, ndi nsalu yakunsi. Komanso kachigawo kalikonse ka ulusi kamadutsa pabowo la singano kambirimbiri, kupita n'kubwerera, kasanakhazikike mumsoko. Pakakhala penapake pamene pakuukhula, uduka basi.

Ndiye ukaduka, ine ndimatola nsonga yodukayo n'kupita nayo pawindo pamene pali kuwala.

Nthawi zambiri ndimaipeza yonyotsoka, tiubweya titaunjikana kamtolo pamwamba pa bowo la singano. Apa mlandu ndi wa singano. Mwina yabuntha, mwina yapindika pang'ono, koma kawirikawiri imakhala yaing'ono poyerekeza ndi ulusi. Manambalawa amasokoneza ophunzira ambiri: pa singano nambala ikamakwera singano ikukula, pomwe pa ulusi nambala ikamakwera ulusi ukuwonda. Ulusi wa 40 ndi wonenepa kuposa wa 50. Ine wa 50 ndimaupatsa singano ya 14, wa 40 singano ya 16. Mukakayika, chotsani singano pamakina, ilowetseni mu ulusi wotalika ngati mkono wanu, gwirani uku ndi uku n'kupendeketsa. Singano iyenera kutsetsereka yokha. Ikamaima panjira, bowo lake lachepa.

Kaikidwe kake nakonso n'kofunika. Ndimasokera makina a magetsi a Juki DDL-8700, amene amadya singano za DBx1, ndipo singano zimenezi n'zobulungira kumutu, kotero zimalola kumangidwa zitayang'ana kulikonse. Kangalande kaatali ka pasingano kayang'ane kumanzere, kamalo kokumbika pamwamba pa bowo kayang'ane kumanja kumene kumadutsa nsonga ya shatulo, chitsulo chakunsi chimene chimakola ulusi wa pasingano, ulusi ulowe kuchokera kumanzere kupita kumanja. Muikankhire m'mwamba mpaka igunde musanamange sikulu. A Singer ndi Butterfly zopalasa zija, inu singano zanu zili ndi mbali yafulati yokuthandizani, koma lamulo ndi lomwelo, ulusi umalowera mbali imene kuli kangalande kaatali.

Mwaika singano yatsopano, yoyenera, koma ukunyotsokabe? Kumbukirani tsiku limene munathyola singano. Singano ikamathyoka imasiya kachipsera pamphepete pa bowo la puleti, kachitsulo kafulati kamene singano imalowapo, kapena pansonga ya shatulo, kakang'ono koti maso saona, koma kakuthwa. Tengani thonje pang'ono kapena sokosi yopyapyala ya amayi, muisisitise pabowo la puleti, pashatulo, ndi pa timawaya tonse tomwe ulusi umadutsamo. Pamene yakodwa, m'pomwepo. Puleti ndimaisalaza ndekha ndi sandipepala wosalala kwambiri, nditamung'amba kamzere n'kumulowetsa pabowo. Koma nsonga ya shatulo sindiiseweretsa, imeneyo ndi ya amakaniko. Mukaipala mopitiriza, kapena mukaimasula n'kuibwezera molakwika, mudzagula ina.

Nsonga ina imakhala yoduka mwaukhondo, thapu, popanda tiubweya. Umenewo wakodwa kumtunda, usanafike n'komwe pasingano. Yang'anani koni, chimene ulusi umabwera utakulungidwapo. Ulusi wa pakoni uyenera kukwera chowongoka, ndiye kamkono kotsogolera ulusi ka pamwamba kaja kakhale pamutu penipeni pa koni, osati chapambali. Nthawi zina ulusi umagwera pansi pa koni n'kudzikulunga pakachitsulo, ndipo munthu amatha theka la tsiku akusuzumira kunsi kwa makina pomwe vuto lili kumbuyo kwake. Sololani ulusi wonse muyambirenso, kaphazi kopondereza nsalu katakwezedwa mpaka timbale ta tenshoni titatseguka, apo ayi ulusi umangokhala pamwamba pa timbaleto osalowa pakati. Pomwepo pititsanimo kansalu kopinda. Mudzadabwa ndi fumbi la faiba limene limatulukamo.

Mtundu wachitatu ndi umene anthu sakhulupirira mpaka atauona: nsonga yolimba, yosungunuka. Makina a magetsi awa amatha kufika masitichi 5,500 pa mphindi imodzi, ndipo singano ikamathamanga choncho mu nsalu zokhuthala imatentha mpaka kusungunula ulusi wa poliyesitala. Imani, muikhudze ndi chala mosamala, mumva nokha. Mankhwala ake n'kuchepetsa liwiro. Chitenje chatsopano chija cholimba ndi sitachi chimawonjezera vutoli, n'chifukwa chake ine zigamba zonse ndimachapa ndisanadule. Zimathandizanso kuti chitenje chosuluka chisulukiretu mubeseni, osati pabedi la kasitomala. Pamene ngodya zinayi zakumana ndimatsegula misoko ndi ayironi, kumenyapo pang'ono ndi hamala, kenako kuwoloka pamenepo ndikuzunguza gudumu ndi dzanja.

Za ulusi weniweniwo ndinene mosabisa. Ulusi wotchipa wa timfundo m'kati, kapena wa thonje umene wakhala pakhonde ukuwombedwa ndi dzuwa, palibe makina amene angaupirire. Ukokeni ndi manja awiri. Ukaduka musanalimbe n'komwe, usungeni wophunzitsira ana kusoka pamanja. Makasitomala obwera ndi ulusi wawo m'chikwama ndimawalandira bwino, koma ndimauyesa iwo ali pompo.

Zonsezi zikatheka, m'pamene ndimafika pa tenshoni, kuyambira yakunsi. Ikani bobini mukesi yake, gwirani nsonga ya ulusi, kesi ilendewere. Mukagwedeza dzanja pang'ono iyenera kutsika pang'ono n'kuima, ngati kangaude pa ulusi wake. Ikathamangira pansi mangani kasikulu, ikakana kusuntha masulani, pang'onopang'ono kwambiri. Kenako yakumwamba, kota imodzi ya mzunguliro, kuyesa, kota ina, kuyesanso. Poyesa musatenge kansalu kamodzi. Pangani kachofunda kakang'ono ka chitenje, faiba ndi nsalu yakunsi zomwezo zimene mukusoka, ndipo mfundo ya ulusi wapamwamba ndi wapansi ibisale pakati, isaoneke mbali iliyonse.

Ngati pamwamba pa kudula ulusi makina akudumphanso masitichi, makamaka singano itagunda chitsulo posachedwa, ndiye kuti shatulo ndi singano sizikukumananso pa nthawi yake. Pamenepo itanani amakaniko, ndipo akabwera muwaonetse kachofunda koyesera kaja ndi nsonga zodukazo, asayambe ndi kumasula makina onse.