Foda imene ndinakopera inalibe imelo ngakhale imodzi

Sabata yachisanu ndi chimodzi ya kosi yathu ya kompyuta ya madzulo, aphunzitsi analowa m'kalasi atanyamula mafulashi m'kajumbo, n'kutigawira imodziimodzi. Kenako anati: "Lero aliyense asunge pa fulashiyi maimelo onse amene ali mu Thunderbird pa kompyuta yake. Mukamaliza mundiitane. Ndibwera kudzafufuta zonse, ndiyeno mudzazibwezeretse ine ndikuona." Thunderbird ndi pulogalamu yolandirira ndi kutumizira maimelo. Tinaseka poganiza kuti akungotiopseza, koma iwo nkhope inali gwa.

Woyamba kuimika mkono ndinali ine. Ndinali nditamvapo kuti mapulogalamu amabisa zinthu zawo mu foda yotchedwa AppData, choncho ndinalowa mmenemo, ndinatsegula Local, ndinaona foda yolembedwa Thunderbird, n'kuikokera pa fulashi. Sizinatenge ndi mphindi yomwe. Aphunzitsi atafika anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwafulumira bwanji? Mwatsimikiza?" Ndinati, "Eya aphunzitsi, zonse zili pa fulashi." Anafufuta. Nditabwezeretsa foda yanga ija n'kutsegula Thunderbird, pulogalamuyo inandilandira ngati mlendo, kundifunsa dzina ndi adiresi ya imelo ngati kuti sitinaonanepo. Mwayi wake maakaunti anali a masewera chabe, amene aphunzitsi anatsegulira phunziroli. Komabe manyazi ake anali enieni. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo phulalo ndinadya ndine.

Cholakwa changa chinali chaching'ono. Mu AppData muli mafoda atatu: Local, LocalLow ndi Roaming. Thunderbird ili ndi foda mu Local komanso mu Roaming, koma ya mu Local imangosunga zinthu zongoyembekezera zothandiza kuti pulogalamu izithamanga. Maimelo enieni ali mu Roaming, mkati mwa Profiles, mu foda ya dzina losamveka: zilembo ndi manambala 8 osakanikirana, kumapeto kwake .default-release. Njira yosasocheretsa ndi kudina batani la Windows pamodzi ndi R n'kulemba %APPDATA%, zomwe zimakufikitsa mu Roaming mwachindunji. Ina ndi kulowa mu Thunderbird momwemo pa Help, kenako Troubleshooting Information, n'kudina Open Folder. Chofunika kukopera ndi foda yonse ya Thunderbird ya mu Roaming, chifukwa mmenemo mulinso kafayilo ka profiles.ini kamene kamauza pulogalamu komwe katundu wake ali. Ndipo uyambe watseka Thunderbird. Mnzanga wina anakopera ili yotsegula, kompyuta inakana pa fayilo yotchedwa parent.lock, iye anadina Skip n'kupitiriza, osadziwa kuti kukanako kunali kumuchenjeza kuti mafayilo ena akulembedwa nthawi yomweyo.

Usiku umenewo kunyumba ndinatsegula foda ija pa laputopu yanga kuti ndione zimene zili mkati, ndipo apa m'pamene phunziroli linayamba kundikoma. Ndinkaganiza kuti imelo iliyonse ili ndi fayilo yakeyake. Ayi ndithu. Muli fayilo imodzi yaikulu yolembedwa Inbox, yopanda kamchira kalikonse kumapeto kwa dzina, ndi ina yaing'ono yolembedwa Inbox.msf. Nditakopera Inbox ija pambali n'kuitsegula ndi Notepad, ndinapeza makalata anga onse atandondozana ngati ndime za buku limodzi lalitali, iliyonse ikuyamba ndi mzere wa liwu lakuti From. Kasungidwe kameneka kamatchedwa mbox, ndipo n'kakale, kochokera ku makompyuta a Unix. Zithunzi ndi ma PDF amene anthu ananditumizira analimonso, koma atasandulika mizere ya zilembo zosawerengeka. Ndiyo base64, njira imene imasandutsa mabayiti atatu aliwonse kukhala zilembo zinayi, n'chifukwa chake chithunzi cha 3 MB chimafufuma kufika pafupifupi 4 MB chikalowa mu imelo. Fayilo ya .msf ija ndi mndandanda chabe wa mitu ya makalata. Ikawonongeka, Thunderbird imapanga ina.

Chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti mu fayilo ija ndinapezamo imelo imene ndinaifufuta masiku angapo m'mbuyomo. Ukafufuta kalata, Thunderbird siichotsa pomwepo mu mbox. Imangoiika chizindikiro kuti isamaoneke, ndipo imachoka zenizeni pulogalamu ikachita Compact, pamene imalembanso fayilo yonse mwatsopano. Kwa ife amene magetsi amathima osatsanzika, ndipo batire la laputopu linatha kalekale, nthawi ya Compact ndi yoopsa. Fayilo ya makalata a zaka zisanu ikamalembedwa, si nthawi yabwino yoti kompyuta izime.

Chinanso chimene sindikanachiganizira: mu foda yomweyo muli abook.sqlite, buku la maadiresi, komanso logins.json ndi key4.db, zimene zimasunga mapasiwedi. N'chifukwa chake ukabwezeretsa foda yonse, Thunderbird siikufunsanso pasiwedi. Zokoma, koma tanthauzo lake n'lakuti aliyense wotola fulashi ija watolanso makiyi a imelo yako, pokhapokha ngati unakhazikitsa Primary Password, pasiwedi yotsekera mapasiwedi enawo, mu pulogalamuyo. Ndinakumbukira kangati ndasiya fulashi yanga pa shopu yosindikiza mapepala n'kukaitenga mawa lake, mtima unagunda.

Sabata yotsatira ndinakopera foda yolondola, ndinayesa ndekha kawiri, ndipo ndinafika m'kalasi ndikudzimva kuti nkhaniyi ndaimaliza. Aphunzitsi ulendo uno sanagwire kompyuta yanga n'komwe. Anakhala pa tebulo lawo, analowa mu akaunti ija kudzera pa intaneti, anafufuta makalata onse, n'kukhuthulanso Trash. "Bwezeretsani tione," anatero. Ndinabwezeretsa foda yanga, ndinatsegula Thunderbird, makalata onse anaonekera bwinobwino. Ndisanamalize kumwetulira, anayamba kuzimiririka pamaso panga mpaka Inbox inatsala mbee.

Apa m'pamene kusiyana kwa POP ndi IMAP, njira ziwiri zimene pulogalamu imatengera maimelo pa intaneti, kumene tinakuloweza sabata yachiwiri kuti tikhoze mayeso, kunandilowa m'mutu zenizeni. POP inayamba mu 1984, nthawi imene munthu ankakhala ndi kompyuta imodzi. Ntchito yake ili ngati kukatenga makalata ku bokosi la ku positi ofesi: ukatenga, bokosi limatsala lopanda kanthu, kapena seva, kompyuta ya kampani ya imelo kumene makalata ako amafikira, imasunga kope kwa masiku ochepa, kawirikawiri 14 ngati sunasinthe zoikamo. Ukamagwiritsa ntchito POP, kompyuta yako ndiyo nkhokwe, ndipo hard disk ikafa, yafa ndi zonse. IMAP anaipanga Mark Crispin ku yunivesite ya Stanford mu 1986, ndipo maganizo ake ndi osiyana: makalata amakhala pa seva, kompyuta ndi foni zimangoonetsa zimene zili kumeneko. Ine kwa zaka zonsezi ndinkakhulupirira kuti popeza maimelo anga ali pa foni, pa laputopu komanso pa Gmail, ndiye kuti ndili ndi makope atatu. Ndinali ndi kope limodzi ndi akalilole awiri. Chinthu chikachoka pa seva, kalilole sangapitirize kuchionetsa. Backup yanga, kope la pa fulashi lija, inali yabwino ndithu, koma nditangoilumikiza ku intaneti, Thunderbird inafunsa seva, seva inati kulibe kanthu, ndipo pulogalamu inamvera seva.

Njira yake, imene anationetsa titatopa ndi kulingalira, ndi iyi. Tseka Thunderbird. Pa fulashi, mu foda ya .default-release ija, lowa mu ImapMail, tenga fayilo ya Inbox ija, uisinthe dzina, tinene Zakale, n'kuiika mu foda ya Mail, mkati mwa Local Folders. Ukatsegula pulogalamu, Zakale imaoneka ngati foda wamba, ndipo seva ilibe mphamvu pa iyo. Pali msampha umodzi: fayiloyo imakhala ndi makalata okhawo amene anatsitsidwa onse athunthu pa kompyuta. Ngati pa Synchronization & Storage sipanachongedwe kuti makalata azisungidwa pa kompyuta, wasunga mitu yokha yopanda thupi.

Mayeso anga enieni anachitika kunyumba kwa amalume, amene amasunga mabuku a ndalama a kabizinesi kawo ka zipangizo zomangira. Laputopu yawo inayamba kulira ngati muli chiwala mkati, ndipo anandiitana. "Mphwanga, paja ukuphunzira zimenezi. Ma invoice anga onse ali mu Outlook, asatayike." Ndinati, "Musadandaule amalume, koma muizimitse kaye mpaka ndifike." Outlook ndi pulogalamu ina ya imelo. Akaunti yawo inali ya POP, ndiye makalata a zaka zambiri anali mu fayilo imodzi ya .pst mu Documents, foda ya Outlook Files, ndipo kwina kulikonse kunalibe. Ikanakhala ya IMAP, kuyambira Outlook 2013 ikanakhala fayilo ya .ost, imene siitseguka mwachisawawa pa kompyuta ina. Zikatero umayenera kupita pa File, Open & Export, Import/Export, n'kutulutsa .pst yako wekha.

Fayilo ya amalume inali yoposa 6 GB, fulashi yanga ya 32 GB inali yopanda kanthu, koma Windows inati fayiloyo yakula kwambiri. Ndinakhala kanthawi ndikukanda mutu amalume akundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Vuto linali FAT32, kakonzedwe kamene mafulashi ambiri amabwera nako, komwe sikalola fayilo imodzi kupitirira 4 GB ngakhale malo atakhalapo ochuluka. Nditaifomata kukhala exFAT, zinayenda. Pa laputopu yatsopano ndinatsegula fayiloyo ndi Open Outlook Data File, ndipo ndinawapempha amalume kuti atchule invoice yakale kwambiri imene akuikumbukira. Anaitchula, tinaipeza, tinatsegula PDF yake. Ndinapuma pamenepo. Kachida kokonzera .pst yowonongeka, scanpst.exe, kamene ndinali nditakakonzekera, sikanafunike.

Za Gmail ndinena mwachidule, chifukwa ambiri timaidalira mopitirira. Malo aulere ndi 15 GB, ogawana ndi Drive komanso Photos, ndipo akadzaza makalata atsopano salowa. Zimene zili mu Trash zimafufutika zokha pakatha masiku 30. Kuyambira Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Palinso kuiwala pasiwedi nambala ya foni yobwezeretsera itatayika kale. Google Takeout, chida cha Google chotsitsira zinthu za mu akaunti yako, imakupatsa makalata ako onse mu fayilo ya mbox, yomwe ija imene Thunderbird imawerenga ukaiika mu Local Folders. Kungoti imadya bandulo koopsa, choncho yanga ndinatsitsira pa Wi-Fi ya kusukulu.

Aphunzitsi amakonda lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba. Kunena zoona, thumba langa silinafike pogula hard disk yapadera. Pakadali pano ndili ndi Local Folders pa laputopu ndi mafulashi awiri amene sindibwereketsa aliyense, imodzi mu kabati, ina kwa achemwali anga. Loweruka loyamba la mwezi ndimatseka Thunderbird, ndimakopera foda ya mu Roaming, n'kuilemba deti pa dzina lake kuti yatsopano isaphimbe yakale. Kenako ndimazimitsa Wi-Fi, ndimatsegula kopelo pa akaunti ina ya Windows imene ndinaipangira ntchito imeneyi, ndipo ndimasaka kalata imodzi, imene inandiuza kuti ndalandiridwa pa kosiyi. Mwezi watha sinapezeke. Ndinali nditaisunthira mu foda yatsopano ya IMAP imene ndinaiwala kuichonga pa Synchronization & Storage, ndipo mutu wake wokha ndiwo unaoneka. Ndinachonga, ndinadikira kuti itsike, n'kukoperanso.